Mchombo wa Mlongo Wanga Uli ku Chibanja

M'nyumba ya lendi imene tinkakhala ku Zolozolo munali msomali umodzi wokha. Eni nyumbayo, mdala wina amene anagwirako ntchito ku migodi ya ku Joni, sankalola munthu kukhoma kanthu pakhoma lawo. Msomali umodziwo anaukhoma okha ndi hamala yawo, ndipo unali wa chithunzi cha mtsogoleri wa dziko. Chithunzi cha ukwati wa abambo ndi amayi chinkangotsamira pakabati ngati munthu wodikira basi.

Mdalayo ankakhala kuseri kwathu komweko. M'mawa ankazungulira nyumba yathu manja ali kumbuyo, kununkhiza zolakwa. Pabwalo panali mtengo wa mapeyala. Masamba ake tinkasesa ndife, mthunzi wake unkatiziziritsira nyumba m'miyezi ya chisanu, koma zipatso zinali zawo. Peyala likagwa lokha, lamulo linali lakuti ulitole, ukapereke ndi manja awiri.

Ine ndinkawathandiza mapeyalawo kugwa. Ena ndinkawaboola kumunsi, kuwakomba ndi supuni, kudzazamo matope nkuwabwezera pansi pa mtengo. Tsiku lina mdala uja ananyamula limodzi nkukapatsa mlendo wake wochokera ku Rumphi. Atabwerako anandipeza ndikusesa mwaulemu.

"Iwe mnyamata, uli na suzgo chomene," anatero m'Chitumbuka mano ali gwa, kutanthauza kuti ndine wovuta kwambiri.

"Yewo, adada," ndinayankha nditagwada bondo limodzi.

Ku sekondale nako ankandidziwa. Chule amene anapezeka m'thumba la jekete la aphunzitsi a sayansi sanalowemo yekha. Ndikunena izi kuti mudziwiretu munthu amene akukusimbirani nkhaniyi, musadzati sindinakuchenjezeni.

Abambo ndi kalaliki mu ofesi ina ya boma. Kwathu ndi ku Dedza, koma anawatumiza ku Mzuzu ine ndisanayambe ndi sukulu yomwe. Ku Dedza ndikapita amanditcha Mtumbuka chifukwa cha kayankhulidwe kanga. Ku Zolozolo ankanditcha Mchewa, koma ankanditcha choncho akundipatsira mpira. Nkhungu ya m'mawa, matope ofiira, mvula yosadziwa kalendala, zonsezo ndi zanga. Kwina sindikudziwako.

Ndili Fomu 2, zinthu ziwiri zinafika m'banja mwathu motsatana. Choyamba anali mlongo wanga, khanda limene linabwera makolo atasiya kale kuyembekezera. Chachiwiri chinabwera ndi abambo madzulo ena, nkhope ikuwala ngati apaka mafuta ophikira. Bungwe lina linkagulitsa nyumba zatsopano ku Chibanja kwa anthu ogwira ntchito m'boma. Ndalama zonse sunkapereka pamodzi ayi. Ankakukongoza, nkumadula pa malipiro ako mwezi ndi mwezi mpaka tsitsi kuyera. Abambo anali m'gulu la ololedwa, ndipo anayenera kuyankha mwezi usanathe.

Kuyambira tsiku limenelo wailesi ya m'nyumba mwathu inayamba kulira mokweza. Makolo anga akafuna kukangana amakweza wailesi kuti eni nyumba asamve, ndiye mkangano wonsewu ndimaukumbukira uli ndi nyimbo za amayi ovina kumbuyo kwake.

"Lendi ndi dzenje, mayi ake," ankatero abambo. "Zaka zonsezi ndakhala ndikumangira nyumba ana a mdala uyu. Ndili ndi chiyani? Ngakhale msomali ndilibe."

"Nanga ngongole si dzenje? Kusiyana kwake nkwakuti m'dzenje la ngongole mumalowamo ndinu."

"Koma pamapeto pake nyumba ndi yathu."

"Pamapeto pake! Bambo ake, munthu wa boma ndi katundu. Lero muli pano, mawa akuti pitani ku Nsanje. Nyumbayo mudzaisenza pamutu? Nanga mnzanu uja anabwera kudzamutenga ndi galimoto dzuwa likuswa mtengo, mkazi wake sanatuluke m'nyumba ndi mphika wokha? Ntchito ikatha ngongole imatha nawo?"

"Tsitsani mawu."

Amayi ankatsitsadi mawu, koma mfundo sankatsitsa. Iwo ankafuna kuumba njerwa ku Dedza, pamudzi pa amayi awo, nkumanga pang'onopang'ono popanda kukongola kwa munthu. Abambo ankati kumeneko iwo ndi mkamwini chabe.

"Tsiku limene mudzatsogole inu, alongo anu adzandipindira mkeka nkundilozera msewu. Ndimange nyumba ya eni kawiri?"

"Nanga mukatsogola ndinu? Abale anu adzabwera ndi lole kuno ku Mzuzu, maliro asanazizire. Ine ndidzalirira kwa yani, kudziko la eni? Kwanu nkwanu, bambo ake."

Onse awiri ankanena zoona, ndipo nchifukwa chake panalibe wogonja. Ine poyamba ndinkangomvera ngati mpira wa pa wailesi, osasamala kuti wachinya ndani. Ndinadzidzimuka tsiku limene amayi anatulutsa dongosolo lawo lonse. Anati Khirisimasi ikapita, iwo ndi ana akakhala ku Dedza kukayang'anira njerwa, abambo apeze kachipinda kamodzi kotchipa kuti ndalama zizisungika. Ine ndikapitiriza sukulu konko, m'manja mwa amalume, mchimwene wawo wa amayi, munthu amene amakhulupirira kuti mwana wamwamuna amawongoka ndi khasu ndi mkwapulo.

Apa nkhani inasiya kukhala ya nyumba. Tikagula, tikhala tonse ku Mzuzu. Tikapanda kugula, abambo atsala okha m'kachipinda, ine ndikaweta mbuzi za amalume. Ndinayamba kusowa tulo, ine amene ndimagona ndi m'kalasi momwe.

Tsono pali mwambo wina wa kwathu. Mchombo wa khanda ukauma nkugwa, amayi akuluakulu amaukwirira pakhomo, malo amene amadziwa okha. Wanga anaukwirira kukhonde kwa agogo ku Dedza. Wa mlongo wanga utagwa, amayi anakana kuukwirira ku Zolozolo.

"Munthu amene amalonda ndi peyala logwa lomwe, ndimupatse mchombo wa mwana wanga? Adzati nawonso ndi wake."

Anaukulunga m'kansanza ka chitenje, kuuika m'kachitini ka mafuta odzola, nkukatsekera m'bokosi lawo lachitsulo, kudikira ulendo wa pa Khirisimasi. Ndipo madzulo ena, mkangano utafika pouma, ananena mawu amene anandipatsa nzeru.

"Kwawo kwa munthu ndi kumene kuli mchombo wake. Wa mnyamatayu uli ku Dedza, wa kamwanaka ukupita ku Dedza. Ine sindingakhazikike kutali ndi michombo ya ana anga. Mundimvetse."

Pa masamu ndine mbuli, aphunzitsi angachitire umboni. Koma samu iyi ndinaimva msanga. Ngati amayi amatsata mchombo, chofunika si kukopa amayi ayi. Chofunika ndi kusamutsa mchombo.

Loweruka amayi akusamba, anasiya kiyi wa bokosi pawindo. Ndinatsegula kachitini kaja. Munali kanthu kakuda, kouma, kopindika, kosafika ndi chala changa chaching'ono. Mwana wamwamuna saloledwa ndi kuona komwe chinthu chimenecho, ndinkadziwa. Ndinachikulunga m'kansalu kena nkuika m'thumba. M'malo mwake ndinaikamo kamchira ka peyala, kamtengo kaja chipatso chimalendewera nako, kamene ndinali nditakaumitsa padenga. Kufanana kwake mukanaona! Mpaka lero ndimanyadira ntchito imeneyo.

Mawa lake, titaweruka kutchalitchi, abambo anachonderera amayi kuti akangoiona nyumbayo ndi maso, kukana akakanire komweko. Tinayenda wapansi mpaka ku Chibanja, mvula ikuwaza, khanda lili kumsana. Mlonda wa nyumbazo anatilandira ndi mulu wa makiyi.

"Monire mose. Iyi ndiyo yanu, mukaifuna. Koma fulumirani, wapolisi wina waizungulira kale, mphunzitsi winanso akubwera mawa."

Inali nyumba ya zipinda zogona ziwiri, pansi pa simenti, mpopi m'kati, chimbudzi cha madzi. Abambo anatsegula mpopi nkutseka, kutsegulanso nkutseka, ngati mwana. Ankagogoda makoma ndi chala.

"Apa tikhoma msomali wa chithunzi chathu chija. Apa wa kalendala. Apa wa jekete."

Amayi sanayang'ane kumene ankalozako. Anaika dzanja pakhoma la kuchipinda, m'munsi, pamene panali banga la chinyezi.

"Khoma likulira misozi anthu asanalowemo. Taonani dambo ilo kumunsiko. Mukufuna kukongola moyo wanu wonse chifukwa cha nyumba ya achule?"

Ine ndinati ndikaone kuseri. Ndinatola kachitsulo kamene amisiri anataya, nkukumba pansi pa windo la khitchini, mpaka mkono kulowa. Ndinaikamo kansalu kaja, kukwirira, ndipo pamwamba pake ndinabisa nthangala ya peyala la mdala uja kuti ine mwini ndisadzaiwale malo. Ndinapondaponda, kuwaza udzu, nkukasamba m'manja pa mpopi wa abambo.

Pakhomo amayi anathokoza mlonda mwaulemu, kenako anatembenukira kwa abambo.

"Ndaiona. Ayi."

Pobwerera abambo anatsegula ambulera koma anaiwala kuikweza pamutu, inkangolendewera m'manja iwo akunyowa. Ndinawamvera chisoni, komabe ndinkasangalala, ngati munthu amene watchera msampha ndipo wamva kuti phaa.

Ndinadikira mpaka titatha kudya. Abambo anati mawa akauza a bungwe kuti nyumbayo apatse wina. Apo ndinakhosomola.

"Amayi, paja munati kwawo kwa munthu ndi kumene kuli mchombo wake?"

"Ndinatero. Nanga iwe zikukukhudza chiyani?"

"Ndiye kuti kamwanaka kwawo ndi ku Chibanja."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anadzuka, kupita kuchipinda, ndipo tinamva bokosi likutsegulidwa. Anabwera ndi kachitini m'manja, kansanza katamasulidwa. Ananyamula kanthu kaja, kukayandikiza ku nyali, kukanunkhiza.

"Ichi nchiyani?"

"Kamchira ka peyala. Ka eni nyumba."

Abambo anatulutsa kaphokoso kena m'mphuno, ndikulumbira kuti chinali chiseko, koma anachimeza msanga. Ine ndinkayembekezera kuti amayi akalipa, andiponyera mbale, monga amachitira masiku onse. Sanatero. Anakhala pansi pa simenti, kumasula mwana kumsana, kumuvula, nkumayang'ana pamimba pake ngati pali chimene chachoka. Kenako anayamba kulira, kulira kwapansipansi kumene ndinali ndisanakumvepo.

"Mwana wanga wamutaya kuthengo. Pamalo popanda mwini. Galu akafukula? Munthu woipa akaupeza? Udziwa chimene anthu amachita ndi mchombo wa mwana, iwe?"

"Ndakwirira mozama, amayi. Ndipo malowo akhala ndi mwini abambo akasaina."

Lamba wa abambo anandipeza ndisanatseke pakamwa. Anandikwapula ndithu, osati zonamizira, wailesi ili pamwamba. Pakati pa zikwapu ankafunsa kuti ndaukwirira pati, ine ndinkangoti ku Chibanja. Ndakwapulidwapo ndi aphunzitsi odziwa ntchito yawo, ndiye abambo, munthu wa cholembera, sakanandiululitsa.

Kutacha sindinapite kusukulu. Amayi anabereka mwana, kunyamula khasu, nkundigwira pamkono mpaka ku Chibanja, mvula ikuwazanso.

"Loza."

Ndinaloza pafupi ndi msewu. Anakumba, osapeza kanthu. Ndinati mwina ndasokoneza, ndi kumbali uku. Anakumbanso. Thukuta linkatsika, mwana akulira kumsana, dothi lofiira litawamata mpaka m'maondo. Pano ndivomere kuti sizinkasekesa monga ndinkaganizira. Koma ndikakumbukira mbuzi za amalume, chala changa chinkalozanso kolakwika.

Anthu anayamba kuima pamsewu. Amayi ena otunga madzi anatula ndowa. Ndinamva wina akunong'ona kuti akukwirira mankhwala kuti anzawo asagule. Mlonda anabwera akuthamanga, ndipo pambuyo pake panali mnyamata wa chipani wa malaya ofiira, mmodzi wa aja amaima pachipata cha msika.

"Amama, mukukumba chiyani pa nyumba ya bungwe? Mwabisapo chiyani?" anafunsa wa malaya ofiirayo.

Amayi anasiya kukumba. Kunena zoona sakanatha, nkhani ya mchombo sauza mwamuna wachilendo pamsewu. Kukhala chete kunali koopsa koposa, chifukwa munthu wa malaya ofiira akakunyamula, dzina la abambo limakafika ku ofesi tsiku lomwelo.

"Ndikuona ngati dothili lingabereke masamba, achimwene. Nyumbayi ndi yathu. Tikugula."

"Nzoona," anatero mlonda. "Anabwera dzulo ndi adada a kunyumba."

Mnyamata uja anafunsa khadi la chipani. Amayi anamasula pa mfundo ya chitenje nkumuonetsa, iye anayang'ana mayenje aja, kuyang'ana ine, nkuchoka monyinyirika. Amayi anakwirira mayenje onse okha. Sanandiuzenso kuti ndiloze. Njira yonse yobwerera ine ndinkabwereza mawu awo mumtima ngati nyimbo: nyumbayi ndi yathu, tikugula. Anawanena okha, pamaso pa mboni.

Koma madzulo ake mwana anatentha thupi. Anayamba kutsokomola, kupuma mobanika, kukana bere. Kutacha anamugoneka kuchipatala. Wina aliyense wanzeru akanati khanda limene lakhala pamvula masiku awiri otsatana liyenera kudwala. M'nyumba mwathu munalibe amene ananena zimenezo. Abambo ankapita ku ntchito, kuchipatala, kubwera kunyumba, osandiyang'ana. Ndikapititsa phala kuchipatala, amayi ankalandira mbale maso ali kukhoma. Mlongo wanga anali gone, kachifuwa kakukwera nkutsika mofulumira ngati ka mbalame yogwidwa.

Masiku amenewo sindinaseke. Anzanga anabweretsa buluzi kuti timuike m'kabati ya ahedi, ndinawauza kuti achite okha. Tsiku lina nditaweruka ndinapita ku Chibanja ndekha, nkukhala pansi pa windo la khitchini lija. Udzu unali momwe ndinauwazira. Palibe galu amene anafukula. Ndinaika dzanja padothi nkuganiza kuti ndikumbe, ndikapereke, zithe. Kenako ndinaganiza kuti ndikaufukula nkuuyendetsanso m'thumba, mwana nkumwalira, adzati chamupha nchiyani? Ndikausiya, nkumwalira, adzatinso chiyani? Ndinakhala pamenepo mpaka achule a kudambo atayamba phokoso, ndipo ndinachoka osakumba. Ndimakonda kunena kuti kunali kulimba mtima. Mwina miyendo ndiyo inangondinyamula.

Mwezi unali kutha. Ndinali pakhomo la chipinda cha odwala, mbale ili m'manja, pamene amayi anayankhula kwa abambo. Mawu awo anali ouma ngati chikuni.

"Kasaineni."

"Mayi ake, musanene chifukwa cha mantha. Tidikire mwana achire."

"Ndati kasaineni. Mwana wanga sangagone pano mchombo wake ukupondedwa ndi apolisi ndi aphunzitsi. Ngati ndi dzenje, tilowamo tonse. Koma mudziwe kuti sindinaifune."

Abambo anakasaina. Patangopita masiku ochepa mwana anayamba kuyamwa, ndipo anamutulutsa. Anamwino anati ndi jakisoni. Amayi anati ndi chifukwa mchombo unapeza mwini. Ine ndimati ndi ine, ngakhale kuti ndimanena zimenezi amayi ali kutali.

Tinasamuka pa lole yobwereka. Mdala wa ku Zolozolo anayendera makoma ake onse ndi chala kufuna bowo la msomali, sanalipeze. Ndinamutsazika nditagwada, nkumusiyira peyala limodzi lalikulu pakhonde. Zimene zinali m'kati mwake anakaziona yekha.

Tsiku loyamba ku Chibanja abambo anagula misomali yodzaza thumba. Anakhoma wa mtsogoleri poyamba, monga mwa nzeru, kenako wa chithunzi cha ukwati, wa kalendala, wa jekete, wa ambulera, ndi ina iwiri imene mpaka pano ilibe chopachikapo. Sindinawaonepo akusangalala chotero.

Chimwemwecho chinatha pa malipiro oyamba. Anabwera madzulo, kukhala pampando osavula nsapato. Kuyambira pamenepo tiyi wathu alibe mkaka, nyama timaiona kwa aneba, ndipo ulendo wa Khirisimasi ku Dedza unafera m'mazira. Nsapato zanga za kusukulu anazisoka mpaka wosoka anakana. Chinyezi chija nacho sichinaname. Mvula ikalimba chimakwera khoma, zovala m'bokosi zimachita nkhungu, ndipo amayi akamazianika amayang'ana abambo osanena kanthu. Kusanena kwawoko kumapweteka kuposa wailesi ija.

Chimene chimandivuta kwambiri ndi nkhope ya abambo. Kale mphekesera za kusamutsidwa zikamveka ku ofesi ankangoseka, amvekere katundu wathu ndi wokwana lole imodzi. Tsopano mesenjala akangodutsa ndi envulopu, amabwera kunyumba milomo itauma. Aneba athu a nyumba yachitatu anawatumiza ku Chikwawa mwadzidzidzi. Nyumba anaikamo munthu wa lendi amene salipira bwino, ngongole ikudulidwabe, iwo akulipiranso lendi kumene aliko. Abambo anasiya kucheza pa bawo, anasiya kuseka nthabwala za anzawo, kuopa kuti mawu ena angawapotoze. Munthu wa ngongole amayenda ngati wasenza mazira. Zimenezi pa samu yanga ija sindinaziwerengere.

Amayi sanandikwapule, sanandikalipire. Anandipezera chilango chawochawo. Loweruka loyamba anandidzutsa ndi khasu m'manja.

"Dzukani, alendi."

"Amayi?"

"Lamulo munalikonda lija. Kwawo kwa munthu ndi kumene kuli mchombo wake. Mwini nyumba ino ndi kamwanaka. Ine ndi bambo ako ndife omulera. Iwe wako uli ku Dedza, ndiye pano ukukhala pa lendi. Lendi yako ndi ngalande. Uikumbe kuzungulira nyumba mpaka kudambo, madzi asamalowe m'khoma."

Anandikola ndi msampha wanga womwe. Ngalandeyo ndimaikumba Loweruka lililonse, mvula imaikwirira, ine nkuikumbanso. Anzanga akamadutsa kupita ku mpira amakuwa kuti monire alendi. Sindidandaula. Khasu la ku Chibanja ukalitula umakapeza anzako pabwalo. La amalume ukalitula amakupatsa lina.

Mvula ili pakati, nthangala ija inamera pansi pa windo la khitchini, kamtengo kofiirira kamasamba awiri. Amayi anakaona akutsuka mbale. Pakhomo pathu panalibe amene anadzalapo peyala, ndiye sanafunse munthu. Anatuluka, kugwada pambali pake nthawi yaitali, nkusalaza dothi ndi manja. Madzulo ndinapeza atakatchingira ndi bango. Nkhuku ya aneba ikayandikira pamenepo imakumana ndi chigulumwa cha dothi. Ine ndimaloledwa kukumba paliponse kupatula pamenepo.

Amalume nkhani inawapeza, ndipo analamula kuti pa tchuthi chachikulu mwana wowonongeka ndi tauniyo akaonekere. Ndinapita. Ndinalima, ndinaweta mbuzi, ndinamva ulaliki wonse wa mmene ndinachititsira manyazi mbumba yawo. Njerwa zimene amayi anayamba kuumbitsa chaka chapitacho zinali mulu kuseri kwa nyumba ya agogo, udzu utamera pamwamba. Pamenepo ndinaima kanthawi, chifukwa ndinadziwa kuti ndiyo nyumba imene amayi ankaifuna, ndipo sidzamangidwa ngongole isanathe.

Koma sindinapite chabe. Ndinali nditatenga kachitini kaja ka mafuta odzola. Tsiku lonyamuka ndinapala dothi la kukhonde kwa agogo, kumbali zonse poti malo enieni sindiwadziwa, nkudzaza kachitiniko. Nditafika ku Chibanja sindinalowe ndi m'nyumba momwe. Ndinapita kuseri, kutsanulira dothilo m'kati mwa bango muja, amayi akundiona pawindo.

"Nchiyaninso chimenecho?"

"Ndasamutsa wanga, amayi. Tsopano nanenso ndine mwini nyumba."

Anapukuta manja pachitenje, kutuluka, kuyang'ana dothi lija. Pakona pa mlomo wawo panagwedezeka pang'ono, koma sanalole.

"Dothi si mchombo. Mwabwera bwino, alendi. Ngalande yanu yakwiririka, khasu lili paja."

Ndinavula malaya a paulendo nkulitenga.